Tsiku Limene Ba Juliana Anayankha Moni

Ba Juliana, amake Thelma, ndawadziwa zaka makumi atatu ndi zinayi, kuyambira pamene anabwera ku Chinyunyu kudzakwatiwa ndi malemu Evaristo. Amagulitsa nthochi ndi mbatata m'mphepete mwa msewu waukulu wopita ku Chipata, pafupi ndi njira yopatukira ku madzi otentha. Si munthu wofatsa ayi, ndipo akakusungira chakukhosi amachisunga ngati mbewu. Koma bodza lawo lodziwika ndi limodzi lokha, ndipo analinena chifukwa cha ulemu.

Kuseri kwa mudzi wawo kuli fakitale yootcha miyala ya laimu. Eni ake amakhala ku Lusaka. Kapitawo wake ndi Davies, mng'ono wake wa Evaristo. Pofuna kusunga malasha, Davies ankalamula kuti m'ng'anjo aziponyamo matayala akutha ndi oyilo wakuda wa m'magalimoto. Chumuni chinkalavula utsi wakuda bii, mphepo n'kumaugwetsera pamudzi. Masamba a chimanga ankachita mwaye. Ukayanika malaya oyera, pokaanula umapeza asanduka otuwa. Evaristo, amene ntchito yake inali yoponya matayalawo m'moto, anayamba chifuwa chosamva mankhwala.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti anthu a boma oyeza utsi afika. Davies anayenda khomo ndi khomo.

"Kukubwera alendo akuluakulu," ankatero. "Musatichititse manyazi. Sesani, wazani madzi m'njira, odwala akhale m'nyumba."

Iye kufakitale anabisa matayala kuseri kwa phiri n'kuwafunditsa udzu. M'ng'anjo anaikamo malasha abwino okhaokha.

Ndani kuno angalandire mlendo pabwalo losasesa? Ba Juliana anasesa mwaye wonse. Anatunga madzi n'kuwaza m'njira, anapukuta chitseko ndi mazenera. Evaristo anamugoneka kuchipinda, namupatsa nsalu yoti azitsokomolera kuti alendo asamve.

Alendo aja anakwera makwerero a chumuni, nalowetsa paipi pabowo la m'mbali, makina awo n'kumawerenga utsi woyera wa malasha. Atatsika, mmodzi wa iwo, mayi wovala magalasi dzina lake Ba Irene, anafika pakhomo la Ba Juliana chifukwa ndilo loyandikira.

"Muli bwanji kuno, amayi?"

"Tili bwino, kaya inu?" anayankha Ba Juliana, bondo atapinda.

"Mwadzimvera nokha," analumphira Davies. "Ali bwino. Tiyeni, dzuwa lingakupwetekeni." Nawakokera kugalimoto.

Evaristo anamwalirira kuchipatala cha ku Mpanshya chimanga chisanaume, mapapo atatheratu. Pamaliro anthu anayamba kunong'onezana za utsi. Davies anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Tisanamizire fakitale," anatero. "Boma linayeza, utsi ndi wabwino. Ngakhale ba mulamu awa anawauza alendo ndi pakamwa pawo kuti ali bwino."

Namfedwa amakhala chete, mutu uli pansi. Koma Ba Juliana anadzuka, amayi owazungulira n'kulephera kuwagwira.

"Ba mulamu, moni wanga mwausandutsa umboni? Mverani tsono, ndipo mkulu wanu amve m'bokosimo. Mawu akuti ndili bwino sadzatulukanso pakamwa panga mpaka inu mutatsokomola utsi umenewu anthu akuona."

Ambiri anati ndi chisoni chabe, chidzatha. Sichinathe. Wina akati, "Muli bwanji, amake Thelma?" yankho linali limodzi: "Sindili bwino." Analitero kuchigayo, analitero pachitsime, analitero kwa makondakitala a minibasi. Ogula ena ankadabwa n'kupita pathebulo lina. Anzawo ogulitsa anawatcha Ba Sindilibwino. Ansembe anawakumbutsa za kukhululuka.

"Ndidzakhululuka, Abambo," anayankha. "Ayambe watsokomola."

Thelma anawadandaulira kuti akumuchititsa manyazi kwa apongozi ake. Ba Juliana sanasinthe yankho lawo. Davies yekha ndiye ankazemba kuwapatsa moni. Akamadutsa panjinga yamoto ankayang'ana kutchire, ndipo Ba Juliana ankamutsatira ndi maso mpaka akakhote. Matayala anali atabwerera m'moto kalekale.

Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha. Masana ena galimoto ya boma yolowera kummawa inaima kuti igule nthochi. Munatsika mayi wovala magalasi. Ba Juliana anamuzindikira asanatseke n'chitseko chomwe.

"Muli bwanji, amayi? Nthochizi mukuchita bwanji?"

"Sindili bwino. Ndipo tsiku lija munabwera pakhomo panga sindinali bwino. Mwamuna wanga anali kuchipinda, akutsokomolera m'nsalu. Tinamuika m'manda."

Ba Irene anagwira pakamwa. "Nanga bwanji simunanene?"

"Munafunsa kapena munapereka moni? Kwanu moni mumayankha bwanji?"

Ba Juliana anamugwira dzanja, nalipukutitsa pa pulasitiki yofundira thebulo. Chikhatho chinada. Kenaka analoza kuseri kwa mitengo, kumene utsi unali utaima ngati chipilala.

"Mlendo wonena tsiku lobwera amadya nkhuku. Wofuna kudziwa zimene eni nyumba amadya amangofika."

Ba Irene anauyang'ana utsiwo nthawi yaitali. Anagula nthochi, nakwera galimoto osalonjeza kanthu. Ba Juliana anaganiza kuti nazonso zapita ndi mphepo.

Koma mwezi usanathe, m'mawa wina galimoto ija inakhotera kufakitale popanda uthenga. Ba Juliana anasiya thebulo lopanda mlonda. Anathamangira kunyumba, namanga chitenje chimene anavala pamaliro, n'kulowera kufakitale. Theka la mudzi linawatsatira.

Matayala anali mulu pakhomo la ng'anjo, ena akuyaka kale. Davies ankathamanga uku ndi uku, akunena kuti lero lokha malasha achedwa. Kiyi wa chotsekera pabowo la chumuni ankasunga yekha. Anaitana antchito kuti wina akwere akatsegule, koma aliyense anapeza choti ayang'ane pansi.

"Akapitawo, tsogolani," anatero Ba Irene. Iwo ndi anzawo anali atavala zotseka mphuno. Davies analibe, popeza pafakitalepo sanagulepo n'chimodzi chomwe.

Davies anakwera. Atangotsegula bowolo, utsi unamuwomba kumaso. Anayesa kutembenuka, koma wochokera pamwamba nawo mphepo inaugwetsera pomwepo. Anakhala mmenemo atagwirira paipi mpaka makina atamaliza. Anatsika nkhope ili bii, misozi itajambula mizere. Atafika pansi anagwada n'kuyamba kutsokomola chifuwa chochokera m'mimba, chija Ba Juliana ankachimva kuchipinda.

Ba Irene ananena anthu onse akumva kuti utsiwo wapitirira kutali muyezo wololedwa. Moto uzimitsidwe lero lomwe, ndipo usayatsidwenso mpaka chumuni chitaikidwa zosefera utsi. Antchito ena anawayang'ana Ba Juliana ndi diso loipa, chifukwa ntchito inali itaima. Alipo mpaka lero amene sagula nthochi zawo. Ba Juliana sanawaone n'komwe. Anayenda mosathamanga mpaka pamene Davies anagwada, napinda bondo mwaulemu wonse.

"Muli bwanji, ba mulamu?"

Davies anatsegula pakamwa, chifuwa n'kumutsekereza. Analavula malovu akuda, napukuta pakamwa. Moni sakana, ngakhale wa mdani.

"Tili... tili bwino," anatero ndi mawu osasa. "Kaya inu?"

Ba Juliana anaimirira, nakonza chitenje chawo, nayang'ana cha kumanda kumene kuli Evaristo.

"Ine ndili bwino," anatero.