Chala changa sindinadinde

Lachiwiri m'mawa, patapita masiku atatu chiikireni mwana wanga wamwamuna, ndinali m'chigafa kusoka fodya, manja akugwira okha mtima uli kumanda. Ndinangomva, "Odi agogo, tulukani, mukufunika ku polisi." Anali amuna awiri a zachitetezo cha m'mudzi, kumbuyo kwawo alamu anga, mng'ono wa malemu amuna anga.

Mlandu wake nawu. Mwana wangayo anadwala miyezi yambiri. Anali atasiya tchalitchi kalekale, koma pamphasa anabwerera kwa Yesu. Anandiuza, mkazi wake ali pompo, "Amayi, musadzandilire ngati wotayika. Mudzayimbe." Ndiye bokosi likutsika, ine mayi wake, amene mwambo umati ndizigubuduka anthu atandigwira, ndinaimirira nji, ndikuyimba, ndikululuta nthungululu. Wapita kwawo mwana wanga, wapita kwawo ee! Anthu anayang'anana. Pobwerera kumanda nkhani inali itapsa kale: sakulira chifukwa wamudya yekha.

Anandiyendetsa wapansi njira ya ku Kabudula. Panjira anandigwira mosayenera, ine munthu wamkulu. Dzino limodzi linatsala komweko. Zina sindilemba.

Chipinda chimene ananditsekeramo ku polisi chinali chaching'ono, ndowa pakona, zenera lolowa dzanja lokha. Pamene anatseka chitseko m'pamene misozi inabwera, yambiri, palibe woiona. Ndinati, Ambuye, inu mwaiona, basi yakwana.

Lachitatu wapolisi anabwera ndi pepala ndi inki.

"Agogo, dindani apa muzipita. Nkhani yaying'ono iyi."

"Bwera nalo kuno, mwanawe, ndiwerenge."

Anaseka. "Kodi mumawerenganso inu?"

Sankadziwa kuti ndinapita sukulu ya kwacha ndi imvi kumutu, kufuna kuwerenga Baibulo ndekha. Ndinayenda ndi chala, liwu limodzi limodzi, ngati nkhuku yotola chimanga. Panalembedwa kuti ndikuvomera, ndine mfiti, ndinapha mwana wanga.

"Ili silanga," ndinatero. "Perekani kwa mwini wake."

"Ndiye muwolera muno, eti?"

"Ndiwola ndikuyimba. Inu mutopa msanga kuposa ine."

Ndinayimbadi. Lachinayi ndinayimba, Lachisanu ndinayimba, mawu atasasa ngati a khwangwala. Wapolisi wamkazi anagogoda chitseko, "Agogo, chepetsani, wailesi yathu sikumveka!" Koma madzi akumwa ndiye ankandibweretsera, ndipo tsiku lina ndinamumva akung'ung'udza nyimbo yanga pakhonde.

Pepalalo linabwera katatu. Katatu ndinabisa chala changa m'khwapa. Mwana wanga anafa ndi matenda, anafa ali m'manja mwa Mulungu. Ndikanadinda, ndikanamunamizira ali m'manda.

Loweruka anafika mpongozi wanga, mkazi wa malemuyo, atameta mpala wa maliro, buku la kuchipatala m'manja, amayi a kumpingo pambuyo pake. Anauza mkulu wa apolisi, "Mawu a malemu amuna anga oti mayiwa adzayimbe ndinawamva ndi makutu anga. Ngati kuyimba kuli mlandu, nditsekereni inenso." Mkuluyo anawerenga bukulo nthawi yaitali, kenako anang'amba pepala lija. Sanapepese. Anangoti, "Atsegulireni."

Mwana wanga wamkazi akuti ndisamukire kwa iye ku tauni, kuno andipha. Ndakana. Wotuluka m'chitokosi nkukabisala ndiye kuti akadali momwemo. Ufulu wanga ndi khomo langa lino, ndi mjigo womwe amatungapo onse. Ena akandiona amasuntha ndowa zawo. Ine ndimawapatsa moni mmodzi mmodzi, potchula dzina, ndipo sindichoka mpaka atayankha.