Mkono wamanja wa Abiti Lajabu

Sikina mwana wa Lajabu, amene Lirangwe yonse inkangowatchula Abiti Lajabu, anabadwira ku Chileka, kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege. Ndege ankaziona kumimba tsiku ndi tsiku. Zokwera sankaziganizira.

Akali mtsikana, azakhali awo anawalowetsa m'chipinda cha maliro kuti azigwira ketulo. Anaphunzira zonse za kasambitsidwe ka maliro. Madzi akhale ofunda. Uyambe mbali yakumanja. Zimene waona usakanene kunja. Atakwatiwa ndi Che Zuberi, okonza njinga pamsika wa Lirangwe, ntchitoyo anapita nayo. Mayi wachisilamu akamwalira, kuyambira Chigaru mpaka Chileka, kabaza ankaima pakhomo pawo. Zaka makumi atatu. Osalandira kanthu.

Kenaka phewa lamanja linayamba kuwawa. Linatupa. Kuchipatala ku Blantyre anajambula. Khansa, m'fupa la pakati pa phewa ndi chigongono.

"Tidula mkono, mayi," anatero dokotala.

"Wonse? Nanga akufa ndidzawasambitsa ndi mano?"

Che Zuberi anawagwira chitenje. "Vomerani, Abiti. Chachikulu ndi moyo."

"Inu sipoko ikathyoka mumataya njinga?" Anatembenukira kwa dokotala. "Allah akaufuna mkonowu autenga. Koma ndiuzeni kaye, njira ina palibe?"

Inalipo. Chotupa chinali chisanagwire mitsempha. Akanatha kuchotsa fupa lodwalalo n'kuikamo chitsulo, mkono n'kutsala. Koma ku India, ndipo podikira matenda akanatha kufalikira. Anasankha kudikira. Miyezi isanu ndi iwiri ya mankhwala. Tsitsi linathothoka, mpango unabisa. Swala, mapemphero asanu a tsiku, sanadumphe ngakhale imodzi. Tsiku lonyamuka, anaona denga la kwawo ndege ili m'mwamba.

Anabwera ndi mikono iwiri. Zala zinkagwira, chigongono chinkapinda. Koma mkonowo sunkakweranso kupitirira phewa. Pokweza manja kumakutu kuti ayambe swala, dzanjalo linkathera pachifuwa. "Allah akudziwa pamene likufuna kufika," ankatero.

Vuto linabadwira kumzikiti. Amayi ananong'onezana kuti chitsulo chachilendo chisakhudze maliro. Ena ankati chimaitana mphenzi. Maliro atatu anadutsa, kabaza osabwera. Achinayi anapita okha, wapansi. Pakhomo la chipinda anawatchingira Mayi Maliyamu, mkulu wa amayi.

"Pumulani, Abiti. Ndi chitsulo chanucho sizingatheke."

"Ketulo mwagwirayo ndi yadothi?"

Wina anatsokomola pobisa kuseka. Anatuma munthu kwa Shehe. Yankho linabwera lalifupi: palibe pamene zinaletsedwa. Abiti Lajabu anapinda malaya, chipsera chonse poyera, n'kulowa.

Anasambitsanso zaka khumi ndi chimodzi. Potembenuza thupi ankafuna wothandiza, ndiye anaphunzitsa Shamima, mayi wogulitsa mandasi pasiteji. Mvula inagwa zaka zonsezo. Mphenzi sinawapeze.

Anamwalira Lachisanu masana, atatha kuswali, atakhala pamkeka wawo. Che Zuberi ankayesa akuwodzera.

Madzi ali pamoto, anafika mlamu wawo, mkulu wa Che Zuberi, kuchokera kumudzi. Anati kwawo munthu sapita kumanda ndi chitsulo m'thupi. Aitane wachipatala, achichotse.

Shamima anaima pakhomo, ketulo m'manja.

"Pepani, bambo. Anasiya mawu. Anati, 'Mkono uwu ndinaukaniza dokotala ndili moyo. Musadzaupereke poti ndakhala chete.'"

Mlamuyo anayang'ana Che Zuberi. Che Zuberi anati, "Ine ndinayesapo kale, achimwene. Ndinalephera."

Kwa Allah tinachokera, kwa Iye tikubwerera. Shamima anatseka chitseko. Anayesa madzi ndi chala. Anayamba mbali yakumanja.