Mtsikana Amene Ankaganiza ndi Pakamwa

Chaka chimene mkazi wanga anatisiya, ndinkaphunzitsa giredi seveni pasukulu ya pafamu ina kufupi ndi Mvurwi. Ana a Chishona ankakonda kufunsa ndi kutsutsana nane. Ana a makolo ochokera ku Tete sankamva samu mpaka nditabweretsa masamba a fodya kuti agawe ndi manja. Koma ana achisilamu a m'komboni ankaloweza mokweza mawu, thupi likugwedezeka uku ndi uku, monga anazolowera ku madirasa.

Mmodzi wa iwo, mtsikana wamfupi wovala mpango woyera, ankayankha zonse ndikamufunsa pakamwa. Koma ndikangoti, "Chete, tikulemba," pepala lake linkabwera lopanda kanthu. Mayeso a boma anali pafupi, ndipo akanalephera, sukulu yake ikanathera pomwepo, n'kupita kukasankha fodya kushedi.

Anzanga ankati ndi ulesi. Ine sindinafulumire. Loweruka lina ndinapita kwa bambo ake, telala wa m'komboni.

"Aphunzitsi, mwanayu nzeru zake zili pakamwa," anatero akuseka. "Mukamutseka pakamwa, mwatseka ndi mutu womwe."

"Koma m'mayeso salola phokoso, bambo."

Anaimitsa makina. "Nanga swala ya masana timaichita bwanji? Ija sitikweza mawu. Milomo yokha ndiyo imayenda." Anatembenukira kwa mwana wake. "Iwe, samu za aphunzitsizi uzizichita ngati swala ya masana. Wamva?"

Ine, mkulu wa mpingo wa zaka zambiri, sindinkadziwa kuti anzathuwa ali ndi pemphero lamokweza ndi lachamumtima.

Tinayeserera milungu itatu. Poyamba mawu ankapulumuka, anzake n'kumukuwiza kuti, "Shehe wayamba!" Iye ankangowayankha kuti, "Inu bwererani ku masamba anu."

Tsiku la mayeso, mayi woyang'anira wochokera kutauni anatuluka kudzandipeza pakhonde.

"Uyo wempango ari kutaura nani?" anafunsa, Chishona chake chitasakanikirana ndi mawu athu. Ankafunsa kuti wampangoyo akulankhula ndi ndani, poti ataona milomo ikuyenda anaganiza kuti mwanayo akuuza mnzake mayankho.

"Akulankhula ndi pepala lake, mayi. Kaimeni pafupi naye, mukamva liwu mumutulutse."

Anakaimadi pambali pake nthawi yaitali, khutu atatchera. Ine panja ndinkapemphera. Kenako mayiwo anasuzumira pawindo, napukusa mutu akumwetulira, nabwerera pampando wawo.

Januwale wotsatira, bambo a mtsikana uja anamusokera yunifolomu ya fomu wani.