Goliati Nyoni ndi Mendulo ya Mng'ono Wake

Ku Mlangeni onse amsinkhu wathu amamukumbukira Goliati Nyoni, koma palibe amene anatcha mwana dzina lake. Anali wamtali, wachifuwa chotakata, wa mawu ogunda, koma wamantha zedi. Chaka chimene a Keyala anabwera kudzalemba anyamata opita kunkhondo, Goliati anagona masiku anayi m'nkhokwe ya azakhali ake, ndipo atatulukamo anathawira ku Joni. Kumeneko nako sanathe chaka. Anati fumbi la mumgodi linkamuyabwa.

Amene anapita kunkhondo anali mng'ono wake Lazarus, munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, yemwe anaphunzira kuyendetsa thirakitala pa famu ya fodya ku Halale. Chifukwa cha luso limenelo anamuika m'gulu la akasinja, magalimoto achitsulo aja okhala ndi mzinga pamwamba. Tsiku lina m'dziko la Bama adani anawabisalira powolokera mtsinje, ndipo kasinja wakutsogolo anagwira moto. Lazarus anatsika mwa wake zipolopolo zikulira, anakwera pa woyakayo, anatsegula chivundikiro chotentha ndi manja ake, natulutsa anthu awiri amoyo. Anamupatsa mendulo yasiliva yolendewera pa kansalu ka mizeremizere. Anafika kumudzi mu 1946, zala zake zitakhwinyata, osatha kufumbata ngakhale chikho.

Menduloyo anaiponya m'kachitini ka tiyi. Anthu akamufunsa za kunkhondo ankangoti, "Kunali matope ndi udzudzu."

Goliati ndiye anaona kuti chinthu chikuwonongeka.

"Iwe, chitsulochi chichita dzimbiri m'chitinimu," anatero tsiku lina. "Bwera nacho ndikakupukutire."

Zelesi, mkazi wa Lazarus, anasiya kusenda nyemba. "Alamu, nsanza yopukutira ilipo pompano."

"Asiyeni atenge," anatero Lazarus. "Ndi achimwene."

Goliati anapita kukapukutira ku Kasinje, kuchigwa kumene kunalibe womudziwa. Anapeza jasi lakale lachisilikali, anapachika mendulo pachifuwa, nayamba kuyendera mowa. Kumene kwaphikidwa masese, iye wafika kale, wakhala pampando wa eni nyumba. M'nkhani zake wopulumutsayo anali iye mwini, ndipo anthu awiri a Lazarus aja anasanduka asanu, kenako khumi ndi awiri, pamodzi ndi mzungu wa nyenyezi paphewa amene akuti analira n'kumutcha mbale wake. Amayi ankagwira pakamwa. Mayi wina wamasiye dzina lake Sellina, wa munda waukulu wa thonje, anamulola kuti alowe m'nyumba mwake. Khasu sankaligwira. Ankati msana unathyokera mu kasinja, ndipo Sellina ankamuthowa ndi madzi otentha atachoka kumunda yekha.

Zinatero kwa zaka zitatu, ndipo nthawi yonseyo kumtunda ku Mlangeni, Zelesi ankamangirira mpini wa khasu ku mikono ya mwamuna wake ndi luzi m'mawa uliwonse, ndipo Lazarus ankaunda mizere ya kachewere mpaka dzuwa litafika pamutu.

Zinathera pa ukwati wina ku Kasinje komweko. Gule wa Ngoma atavinidwa, zishango zitatsamiritsidwa kukhoma, Goliati anayamba nkhani yake ija. Pakati pa alendo a kuchimuna panali mkulu wina wotsimphina, Sajeni Fanizo, amene anamvetsera mpaka kumapeto osamwa.

"Bambo," anatero mofatsa, "mu kasinja munkalowera pati?"

Goliati anaseka. "Pakhomo la m'mbali, ngati lole. Inu simunamuone kasinja?"

"Ndinamuonako pang'ono. Tandionetsani manja anu."

Goliati anawatambasula monyadira. Anali osalala, onenepa, opanda ngakhale thuza.

Fanizo anaimirira, anagwira mendulo ija, naitembenuza kuti awerenge dzina lolembedwa m'mphepete. "Iyi ndi ya Lazarus Nyoni. Ine ndinanyamula machira ake tsiku limenelo. Khungu la m'manja mwake linatsalira pachitsulo, fungo lake ndimalimvabe. Inu ndinu ndani?"

"Ndine mkulu wake. Magazi ndi amodzi."

"Magazi anuwo anatayikira kuti?"

Anamuvula mendulo pamaso pa anthu onse. Goliati sanalimbane naye. Woyamba kuseka anali mayi wina wokalamba, kenako bwalo lonse. Sellina sanaseke. Anapita kunyumba, anatulutsa bulangete la Goliati ndi nsapato zake, naziika pamsewu.

Fanizo anakwera mapiri masiku awiri ndi mwendo wake wolumalawo kukabweza mendulo. Anamupeza Lazarus m'munda, khasu lili chimangire. Sanathe kupatsana moni wa m'manja, ndiye sajeniyo anangomugwira m'mapewa. Zelesi anatenga mendulo naisokerera mkati mwa pilo.

Patapita sabata Goliati anatulukira, akudandaula kuti anthu akuchigwa ndi ansanje. Lazarus anamudulira gawo la munda wake, ndipo gawo limenelo ndi lokhalo ku Mlangeni konse limene linamera nsenjere chaka ndi chaka. Pokalamba anayamba kupita kutchalitchi. Ankalawirira kwambiri kuti akakhale pabenchi yakutsogolo, pafupi ndi akuluampingo, kuti alendo aziyesa kuti ndi mmodzi wa iwo.