Kapepala Koyeserera Kusaina

Pa ofesi ya maloya ija ya pamwamba pa sitolo ya nsapato palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Onse, kuyambira abwana loya mpaka mlonda wa pakhomo, amangoti Mayi Yesanikaye. Dzinali analipata chifukwa cha khalidwe lawo limodzi. Munthu akabwera kudzasaina chikalata cha nyumba, iwo samupatsa chikalatacho msanga. Amayamba amuyalira kapepala wamba n'kunena kuti, "Yesani kaye apa." Akasaina kawiri katatu, dzanja n'kuzolowera, m'pamene amatulutsa chikalata chenicheni. Kapepala koyeserera kaja sakataya ayi. Amakabaya ndi phini kumapeto kwa failo, monga anawaphunzitsira akalaliki akale amene anawalandira pantchitoyi ali mtsikana.

Abwana loya amaseka nazo. "Mayi, tidzakwiririka ndi zinyalala zanu muno," amatero. Koma saletsa, poti akudziwa kuti pa zaka pafupifupi makumi awiri palibe chikalata chochokera pa desiki imeneyo chimene chinabwezedwa chifukwa cha siginecha yofufutafufuta.

Mayi Yesanikaye si loya. Ndi wothandizira maloya, ndipo mbali yawo ndi ya nyumba zogulitsa ndi zogula. Loya amangofika n'kusaina pamunsi, koma kuyenda konse ndi kwawo. Hafu seveni ikamakwana amakhala atatsegula kale mawindo, akufananitsa nambala ya poloti ya pa chikalata ndi ya pa mapu, chala chikutsata mzere ngati mwana wophunzira kuwerenga. Kenako foni: kupepesa kwa ogula, kufulumizitsa ogulitsa, kunyengerera woyeza malo amene nthawi zonse amati ali panjira. Masana amavula nsapato zazitali n'kuvala zafulati, ulendo wokafola ku ofesi ya za malo kukafufuza ngati nyumba ilibe wina woti ndi yake. Asamutsa nyumba mazanamazana kuchoka m'dzina ili kupita m'dzina ilo, chonsecho iwo eni ake amakhala ya lendi. Wina akawagemula nazo amangoti, "Makiyi a eni ake andilemera kale."

Mwezi watha kunabwera failo ya akalipentala, mkulu wopuma pantchito amene akazi ake anamwalira zaka zitatu zapitazo. Ankakhala okha, ndipo tsiku lina anagwa m'bafa n'kugona pomwepo mpaka aneba anamva kubuula. Mwana wawo wamkazi, namwino, anati basi, nyumba igulitsidwe, bambo akakhale kwa iye. Akalipentala anavomera ndi pakamwa pawo. Ogula anapezeka, banja loyembekezera mwana, koma litadikira miyezi iwiri linanena mosabisa kuti zikapanda kutheka pofika Lachisanu likafuna nyumba kwina.

Chotsala chinali chimodzi chokha. Chikalata chakale cha nyumbayo, chokhala ndi mayina awiri, la akalipentala ndi la malemu akazi awo, chinayenera kuperekedwa ku ofesi ya za malo kuti chatsopano chituluke.

Lolemba akalipentala anati aiwala chikalatacho kunyumba. Lachiwiri anabwera ndi envelopu, koma munali mapepala a kuchipatala. Lachitatu anafika manjamanja, n'kukhala pampando chipewa chili pabondo.

"Bambo, mukufuna ndipenge?" anatero namwino uja. "Ndasinthana ndi anzanga kuntchito katatu konse. Mukagwanso m'bafa muja ndidzatani ine?"

"Ukalamba, mwanangu. Mutu wabooka."

Mayi Yesanikaye aona anthu oiwala ambirimbiri, ndipo woiwala weniweni amafufuza m'matumba onse. Mkuluyu sankafufuza. Dzanja lake linkangopita pachifuwa, pamene jekete inali itauma ngati muli katoni. Mayi Yesanikaye anatenga ziphaso za mkuluyo n'kupempha namwino kuti akazichite fotokope kusitolo ya pansi, chonsecho makina a mu ofesi anali bwinobwino.

Chitseko chitatsekeka anakokera mpando pafupi. "Bambo, envelopu ili m'jeketemo yakhala ikundisuzumira kuyambira Lolemba."

Akalipentala anaseka pang'ono, mwamanyazi. "Maso anu ndi oipa, mayi." Anaitulutsa, n'kufunyulula chikalata chofiirira ndi ukalamba, koma sanachisiye m'manja. "Mwati chikapita kumeneko sichibwerera?"

"Sichibwerera, bambo. Amachidinda kuti chatha ntchito n'kuchisunga konko."

Mkuluyo analoza pamunsi, pamene panali dzina lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zopendekeka. "Mayi a ana anga sanapite kusukulu. Titagula nyumbayi ndinati ilembedwe mayina awiri. Iwo anati sadzadinda chala pamaso pa anthu, adzalemba. Sabata yathunthu ankaphunzira ndi pensulo yanga pa zidutswa za matabwa. Matabwa aja tinasonkhera moto, sitinaganize. Sanadzalembenso kanthu moyo wawo wonse. Dzanja lawo latsala apa pokha."

"Ndingakuchitireni fotokope yabwino, ndi chidindo chomwe."

"Fotokope ndi chithunzi chabe. Tagwirani kumbuyoku."

Mayi Yesanikaye anayendetsa chala kuseri kwa pepalalo ndipo anamva timizere totukuka pamene cholembera chinadinikizidwa mwamphamvu. Bodza loti chikalata chidzabwerera likanatha nkhani pomwepo, koma iwo bodza lotere sanama, ngakhale ogula atayima pakhomo.

Potembenuzanso pepalalo anaona chidindo chosuluka pakona. Chinali cha ofesi yawo yomweyi, cha zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo, ndipo pambali pake panali siginecha ya akalaliki akale aja. Sanalonjeze kanthu. Anangoti, "Bwerani Lachisanu m'mawa. Kaya mundipatsa kaya simundipatsa, koma mubwere nacho."

Lachinayi Mayi Yesanikaye sanapite ku ofesi ya za malo. Anamanga mpango kumutu, kutenga kiyi wa kachipinda ka kuseri kwa masitepe, n'kulowa m'fumbi. Mafailo akale amakhala mmenemo m'makatoni omangidwa ndi zingwe, ndipo chaka china denga linadontha n'kuwononga mzere wonse wa kukhoma. Anatsitsa makatoni khumi ndi awiri, akuyetsemula, mphemvu zikubalalika. Ena anali phala lokhalokha louma. Foni inalira kasanu m'thumba, ogula akufuna kumva, iwo osayankha poti analibe chowauza. Msana unayamba kuwawa tiyi wa teni koloko asanamwe, ndipo nkhomaliro inadutsa osaidziwa. Cha m'ma fili koloko anaipeza failo yakale ya nyumba ya akalipentala, chikuto chitadyedwa m'mbali. Sanawerenge za kutsogolo. Anangothamangira kumapeto, ndipo phini inalipo, yadzimbiri, itagwira kapepala kodulidwa m'kope.

Anapita nako kwa abwana loya, fumbi lili m'nsidze. "Bwana, aka ndi chikalata cha boma?"

Loya anakayang'ana pamwamba pa magalasi. "Aka ndi chinyalala chanu chija."

"Ndiye ndikukuchotserani chinyalala chimodzi."

"Chotsani zonse, mayi, ndikulembereni kalata yothokoza."

Lachisanu akalipentala anafika ndi mwana wawo, jekete yomwe ija, dzanja pachifuwa pomwe paja. Namwino anali ndi maso ofiira, ndipo zinkaoneka kuti m'njira sanalankhulane. Mayi Yesanikaye sanafunse za chikalata. Anayala kapepala kaja pa desiki, n'kukatembenuzira kwa mkuluyo.

Pamwamba panali dzina la mayi aja lolembedwa ndi dzanja la akalipentala eni ake, monga chitsanzo. M'munsi mwake dzina lomwelo linabwerezedwa kasanu ndi kawiri ndi dzanja lina. Loyamba linatsetsereka kutsika mzere. Lachitatu linasowa chilembo chimodzi ndipo linakhwatchidwa mwaukali mpaka pepala kubooka. Lomaliza linaima chilili, lonyada.

Akalipentala anavala magalasi, kuwavula, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Anawerenga ndi chala limodzilimodzi.

"Apa," anatero, akuloza lokhwatchidwa lija, "apa m'pamene anandiponda phazi pansi pa tebulo kuti ndisiye kuseka." Anayesa kuseka, koma misozi inayenderera m'masaya.

Namwino anawerama paphewa pawo. "Amayi ankalemba?"

"Sabata imodzi yokha, mwanangu. Koma taona mmene analembera."

"Bwanji simunandiuze, bambo? Ine ndimangoti mukuchita makani."

"Ndikanayambira pati? Munthu wamkulu kukanirira nyumba chifukwa cha zilembo?"

Namwino anagwada pambali pa mpando n'kuika mutu pabondo la bambo ake. Mayi Yesanikaye anayang'ana kuwindo, nayamba kusanja mafailo amene anali osanjidwa kale. Anawakumbukira akalaliki akale aja, amene anamwalira osadziwa kuti phini yawo idzagwira ntchito yotere, ndipo anawasowa kwambiri m'mawa umenewo.

"Ndi kanga aka?" anafunsa mkuluyo.

"Ndi kanu, bambo. Boma silikafuna."

Akalipentala anatembenuza kapepalako n'kuyendetsa chala kuseri. Timizere totukuka tinalipo. Anatulutsa envelopu ija, kuchotsamo chikalata chakale n'kuchiika pa desiki ndi manja awiri, kenako analowetsamo kapepala kaja n'kubwezera envelopu pachifuwa.

Ogula anali atafika kale, akudikira pabenchi panja, mayi woyembekezerayo akudzipepesa mphepo ndi nyuzipepala. Mayi Yesanikaye anatulutsa chikalata chatsopano, koma mwachizolowezi anayamba ayala kapepala wamba. Asanatsegule pakamwa mkuluyo anawatsogolera.

"Ndikudziwa, mayi. Ndiyese kaye."

Anasaina katatu, pang'onopang'ono, lilime lili pakona pa mlomo. Kenako anasaina chikalata chenicheni, abwana loya n'kuika yawo pamunsi ndi chidindo.

Mayi Yesanikaye anatola phini m'kachitini kuti abaye kapepala koyeserera kumapeto kwa failo. Namwino anatambasula dzanja, maso ali pa siginecha zitatu za bambo ake.

"Mayi," anatero motsitsa mawu kuti mkuluyo asamve, "kameneko mungandipatse ine?"

Mayi Yesanikaye anabwezera phini m'kachitini.