Mzungu Amene Ankadyera Kugwa

Ndikukumbukira, inde ndikukumbukira. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene pa esiteti ya fodya imene tinkakhala, kupitirira kwa Wimbe, panafika mzungu amene ntchito yake inali kugwa. Musati ndalakwitsa polemba, ngakhale zolembazi ndinaziphunzira ndili ndi zidzukulu kale. Kugwa kumene. Ena amalima, ena amasoka, ena amaweta. Iyeyu ankagwa n'kudya, kugwa n'kuvala, kugwa n'kunenepa.

Anali malume ake a bwana wa esiteti, nkhalamba ya dazi, yofiira ngati chimera chokazinga. Mbiri yake tinaimva kwa a Mkandawire, khukhi wa kunyumba ya bwana, amene ankabwera nazo nkhani kuchitsime zili zotentha. Ankati mkuluyo anabadwira ku Mangalande, m'tauni ya utsi, kwa makolo osauka. Anayamba ali mwana kuvala buluku lalikulu n'kumadziphunthwitsa pamaso pa anthu m'maholo a m'mbali mwa nyanja. Nthawi ya nkhondo ankaseketsa asilikali. Kenako analowa m'mafilimu, momwe nthawi zonse ankakhala wantchito wopusa wotayira bwana wake msuzi pamutu. Pa Khirisimasi ankavala diresi ndi tsitsi la akazi, bambo wa ndevu zake, anthu n'kumaomba m'manja. Ndiye kunabwera achinyamata odziwa kuseketsa mwatsopano, foni yake inaleka kulira, mkazi anachoka, iye anatsala ndi sutikesi ya zithunzi.

"Usiku ndi usana akungondionetsa zithunzi," anatero a Mkandawire. "Apa wagwa pa makwerero, apa wagwa m'bafa, apa wagwa pa njinga. Ndikuti bwana, palibe chimodzi chimene munaimirira? Yayi, palije."

Amayi a kuchitsime anagwedeza mitu. Zaka makumi anayi munthu kukhalira matako pansi, n'kumati ndi ntchito.

Tsono ine ndinali nditangolangidwa kumene pa nkhani yomweyo. Sabata imeneyo nkhalamba ina inaterereka ndi mtolo wa fodya pafupi ndi chigafa chathu, miyendo m'mwamba, ine n'kuseka. Amayi anga, a Nabanda, anandipotokola khutu mpaka ndinamva kulira kwa njuchi m'mutu.

"Esinati, wamkulu akagwa sitiseka. Timati pepani, n'kumudzutsa, n'kumusasa fumbi. Wamva?"

Ndinamva. Khutu linamva, tsaya linamva, mtima unamva.

Lachisanu lake kunabwera kapitawo, a Jailosi, munthu wa chipewa cha khaki chimene sankavula ngakhale pamaliro. Anaima pakati pa nyumba zathu za matenanti n'kulengeza.

"Lamlungu mukaweruka kutchalitchi, nonse ku shedi yosankhira fodya. Amalume a bwana akachita sewero. Akhala osasangalala, ndiye bwana akufuna asekedwe. Ndikakweza chipewa, sekani. Ndikatsitsa, lekani. Banja losaseka ndilidziwa, ndipo chaka chamawa munda wake ndipatsa wina."

Mukuona? Kuseka kochita kuitanitsa ngati nkhuni.

Kunyumba abambo anayamba kunyengerera. Ife kumudzi kwathu malo anali atatha, ndipo munda wa pa esitetiwo ndiwo unali mpweya wathu.

"Nabanda, kuseka n'kutsegula pakamwa chabe. Utsegule, utseke, tibwerere."

"Pakamwa panga ndimatsegulira chakudya ndi nyimbo za Mulungu," amayi anayankha akusenda nandolo. "Dzana ndamenya mwana pa chinthu chomwechi. Lamlungu andione ine ndikuseka munthu wa imvi ali pansi?"

"Nanga akatichotsa tikalowera kuti ndi ana anayi?"

 Amayi anangopitiriza kusenda.

Lamlungu masana shedi inadzaza. Kunali kutentha, fungo la fodya likuyabwa m'mphuno, makanda akuyetsemula. A Jailosi anali atamanga pokwera ochita sewero: mabelo a fodya pansi, matabwa pamwamba, osakhomera ndi msomali umodzi womwe. Bwana ndi dona wake anakhala kutsogolo pa mipando ya nsungwi. Ife pansi, pa ziguduli.

Anatulukira mkulu uja. Nkhope ataipaka zoyera ngati ufa, nsapato zazitali ngati mitumbira, kachipewa kakuda kozungulira pamutu, m'manja thireyi ya makapu. Anayenda, anayenda, anadzikola mwendo, khu!

Shedi yonse, mawu amodzi: "Pepani!"

Amayi atatu anali atanyamuka kale kuti akamudzutse. Gogo wina kumbuyo kwanga anawakoka nsalu. "Musamugwire, ali ndi matenda akugwa ameneyo."

Mzunguyo anadzuka yekha, natiyang'ana ngati tamutukwana. A Jailosi anali ataiwala ntchito yawo. Anakweza chipewa mochedwa, munthu ataima kale, ndipo kuseka kunatuluka. Ha, ha, ha. Kuseka kouma, kofanana ndi pompi ya njinga. Chipewa pansi, zii.

Zinapitirira choncho. Akhale pampando, mpando palibe, khu. Chipewa m'mwamba, ha ha ha. Awerame kutola chipewa chake, achikankhe yekha ndi phazi, achithamangire, khu. Ha ha ha. Anthu sankamuyang'ananso iye, maso onse anali pa dzanja la kapitawo. Amuna akuluakulu, akulu a mpingo, otsogolera nyimbo, mano panja ngati mbuzi zowamba. Ndipo nkhalambayo inayamba kukhulupirira. Chifuwa chinatukuka, maso anawala, inayamba kugwa mowirikiza ngati ikulipira ngongole.

Abambo ankaseka thukuta likutsika. Amayi anali phee, milomo yomata, mwana kumsana. Ine pakati pawo ndinkaseka ndi tsaya loyang'ana kwa abambo, la kwa amayi nditaliumitsa. A Jailosi anawaona amayi. Anawaloza ndi chibwano, n'kunena chapansipansi, "Ndakuonani, mayi." Abambo anamva, ndipo kuseka kwawo kunasanduka ngati chifuwa.

Kenako mkulu uja anabwerera m'mbuyo kuti athamange n'kudumpha mpando. Anathamanga. Thabwa limodzi linatsetsereka pa belo. Mwendo wake unalowa pakati pa mabelo awiri, thupi linapitirira, ndipo ine ndinamva kulira ngati kwa nzimbe yothyoledwa pabondo.

A Jailosi anakweza chipewa ndi manja awiri.

Mayo, kuseka kumene kunabuka pamenepo. Aka kanali koyamba kuti anthu aseke ndi mimba, chifukwa kugwa kumeneku kunali kokoma kuposa konse. Mkuluyo anakuwa, iwo anawonjeza. Anatambasula dzanja kupempha, iwo anagubuduka pa ziguduli. Bwana mwini, mwana wa mlongo wake weniweni, ankapukuta misozi ya chimwemwe ndi mpango. Anthu omwe aja amene poyamba anati pepani kwa munthu wosapweteka, tsopano ankaseka munthu wothyoka. Ola limodzi lokha la chipewa linakwanira kuwatsuka mwambo wonse.

Amayi anamasula mwana n'kundipatsa. Anaimirira, anadutsa pakati pa miyendo ya anthu. A Jailosi anawatchingira, chipewa chikadali m'mwamba.

"Khalani pansi, mayi. Mwakana kuseka, tsopano mukufuna kuononga sewero?"

"Chokani apa, a Jailosi. Mwendo wa munthu supindikira uko."

Ndinayang'ana abambo. Anayang'ana kapitawo, anayang'ana bwana, anayang'ana msana wa mkazi wawo. Ndiye anatseka pakamwa, anadzuka, anakakankha belo ndi phewa. Amayi anagwira mutu wa nkhalambayo, naipukuta ufa uja ndi nsonga ya chitenje. "Pepani, agogo, pepani." Kuseka kunazima pang'onopang'ono, kupatula bambo wina kumbuyo amene sankaona kanthu koma chipewa, ndiye anapitiriza yekha, ha ha ha, mpaka mkazi wake anamugunda ndi chigongono.

Anamunyamulira pa chitseko, n'kumukweza lole ya fodya kupita kuchipatala ku boma.

M'mawa mwake abambo anali atayamba kale kumanga miphika m'thumba. Tinaona a Jailosi akubwera, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona dazi lawo padzuwa, chifukwa chipewa chinali m'manja. M'dzanja linalo anali ndi kachipewa kakuda kaja.

"Bwana akuti mukhale," anatero akuyang'ana nyerere pansi. "Munda ndi wanu. Ichi amalume awo akuti tipatse amayi."

Amayi analandira ndi manja awiri, monga mwa ulemu. Abambo anakhala pa thumba la miphika lija n'kupuma ngati munthu wotula mtolo wa mikangala yoyanikira fodya.

Mwina mukuti nkhalambayo inaphunzirapo kanthu. Dikirani. Patapita masabata, a Mkandawire anabwera kuchitsime atachokera kokaipatsira chakudya kuchipatala.

"Mukudziwa zimene akuuza manesi? Akuti pa zaka makumi awiri sanasekedwepo ngati tsiku lija. Akuti luso likadalipo. Mwendo uli m'chikhakha, iye akunyadira."

Amayi analavula malovu pambali, n'kusenza ndowa yawo. Mkuluyo anabwerera kwawo ndi ndodo, ndipo sitinamvenso za iye.

Lero ndine gogo wa zidzukulu khumi ndi ziwiri, ndipo ndimayimba polima, ndimayimba posinja, ndimaseka mpaka oyandikana nawo amabwera kudzafunsa. Kuseka ndimakukonda ine. Koma zaka zino za makuponi a feteleza ndimaonanso chipewa cha a Jailosi, ngakhale eni ake anagona kalekale. Timakhala padzuwa pabwalo la sukulu, kamnyamata ka taye kali ndi mndandanda wa maina m'manja, kanene nthabwala yozizira ngati phala la dzulo, anthu n'kuyamba kuseka kasanamalize n'komwe. Azibambo a imvi, mano panja. Ine ndimamata milomo ngati a Nabanda. Chaka china dzina langa limatuluka, chaka china silituluka, koma mano anga atatu otsalawa sindinawaonetsepo pofuna thumba la feteleza.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti munthu akazolowera kuseka poona dzanja la wamkulu, maso ake amaleka kuona amene ali pansi. Ndipo wosekedwa mwa lamulo ndi womvetsa chisoni kuposa onse, chifukwa amapita kumanda akuyesa ankakondedwa.

Kachipewa kakuda kaja amayi anakaika pakona ya khitchini, anayalamo udzu, nkhuku yathu yamawangamawanga n'kumaikiramo. Kanaswetsa anapiye kasanu ndi kamodzi kasanabooke. Pa zaka zake zonse za m'maholo ndi m'mafilimu, ndiyo ntchito yokhayo yanzeru imene chipewa chimenecho chinagwirapo.