Goloboyi Wathu Anagonera Mpira

Chaka changa chomaliza pa koleji ku Birmingham ndinkasewera kutsogolo mu timu yachitatu, ija ya anthu okonda mpira koma mpirawo osawakonda. Ligi yathu inali yapansi zedi. Tinkasewera Lachitatu masana m'mabwalo amatope, oonerera ake agalu ndi eni ake. Komabe ndinkaufunitsitsa mpira umenewo, chifukwa ndinkadziwa kuti sukulu ikatha ndilowa ntchito yosamalira okalamba, ndipo za mpira zithera pomwepo.

Lamulo linali lakuti matimu awiri apamwamba ndiwo ankapita ku ndime yachipulula yolimbirana kukwera ligi. Mapointi akafanana, ankaona zigoli: zomwe mwagoletsa kuchotsapo zomwe akugoletsani. Masewero omaliza, a ku Bilston, anatipeza tili pa nambala yachitatu, a nambala yachiwiri atamaliza kale awo. Kuwina kukanatifananitsa nawo mapointi, koma kuti tiwadumphe tinkafunika kuwina ndi zigoli zitatu. Sabata yonseyo sindinakhazikike.

Pagolo panali achimwene ena akwathu, bambo wa ana awiri, amene ankachita maphunziro apamwamba, akazi awo ali namwino. Ndiwo anandilandira kwawo ku Lozells, mu Birmingham momwemo, nditangofika, n'kundipatsa chipinda ndi jekete. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Munthu wotero sumuloza chala, ngakhale atavala kabudula.

M'basi ndinayesa kuwafotokozera. "Achimwene, lerotu nkhani ndi goal difference. Tikufunika ma-goal atatu."

"Iwe mphwanga, kuwina ndi kuwina," anayankha akusenda nthochi. "Usadandaule, kumbuyo ndatseka."

Pofika pakati pa chigawo chachiwiri tinali titagoletsa ziwiri, chimodzi changa. Apo m'pamene achimwene anayambitsa mpira wakumudzi. Kwathu ukamatsogola umapha nthawi, ndipo amene akudziwa kuipha amanyamulidwa pamapewa. Akagwira mpira ankaugonera ngati nkhuku yofungatira mazira. Akadzuka, amange kaye zingwe za nsapato. Kenako n'kuumenyera kuseri kwa mpanda, uko kwathu kukanakhala munda wa chimanga, koma kuno kunali ngalande. Oyimbira atawachenjeza, anagwira bondo n'kuyamba kutsimphina.

Kaputeni wathu, mnyamata wachizungu, anakuwa mpaka kufiira makutu, koma achimwene ankangomukwezera chala chachikulu. Kenako kaputeniyo anandithamangira. "Tell your uncle!"

Ndinabwerera mpaka pakati pa bwalo mtima ukuwira. Mawu ofunika ndinali nawo, aja timalalatirana anyamata okhaokha. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chomwe chinatuluka n'chakuti, "Achimwene, mwina titafulumirako pang'ono?" Anandimwetulira, n'kuugoneranso mpirawo. Ndinkazungulirazungulira kutsogolo kuja manja ali pamutu, kudikira mpira wosabwera.

Wezulo yomaliza italira, achimwene anathamanga bwalo lonse manja ali m'mwamba, akuimba nyimbo ya kwaya. Anzathu anangodziponya pansi m'matopemo. Patapita kanthawi achimwene anazindikira kuti akuvina okha, ndiye anabwera pomwe ndinaima.

"Kodi maliro ndi a ndani? Ma-playoff tikuyamba liti?"

Ndinawafotokozeranso pang'onopang'ono, maso ali pansi. Chinasowa chigoli chimodzi chokha, ndipo nthawi imene anathera pogonera mpira ikanatikwanira. Ndinali nditakwiya kwambiri, misozi ili pafupi, koma mawu anga ankatulukabe aulemu, ndipo zimenezo zinkandikwiyitsa koposa.

Anavula magolovesi n'kumangowayang'ana.

"Ndiye zija umanena m'basi zinali serious? Nanga bwanji sunandikalipire, mphwanga?"

"Ndikanayambira pati, achimwene?"

Anapukuta madzi amvula amene ankayenderera pachipumi.

"Zoonadi," anatero motsitsa mawu. "Ukanayerekeza pamaso pa anthu onsewa, sindikanakulankhulanso."